Timiyala ta M'mimba mwa Dayamondi

Dzenje lakuya kuposa onse amene munthu anabowolapo molunjika pansi lili ku Kola, kumpoto kwa Russia kufupi ndi malire a Norway. Ntchito inayamba mu 1970, ndipo pofika mu 1989 dzenjelo linali litafika mamita 12,262. Kumeneko miyala inali yotentha madigiri 180, zitsulo zobowolera zinayamba kugonja, ntchito n'kuima. Makilomita 12 ndi mtunda ndithu kwa munthu woyenda pansi, koma kuchokera pamene mwaimapo kukafika pakatikati pa dziko pali makilomita oposa 6,300. Anthu a ku Kola sanathe ngakhale kuboola khungu la dziko, limene kumtunda kuno limachindikala makilomita 35 kapena 40.

Kunsi kwa khunguli kuli chigawo chimene akatswiri a miyala amachitcha mantle, chotsika mpaka makilomita 2,900. Magawo oposa 80 pa 100 alionse a kukula kwa dziko ali m'menemo. Ambiri amaganiza kuti ndi chiphalaphala chokhachokha. Ayi, ndi mwala wolimba, kungoti chifukwa cha kutentha umasendera pang'onopang'ono, masentimita ochepa pa chaka. Palibe anapitako, palibenso adzapiteko. Zambiri zimene timadziwa za kumeneko timazimva kwa mafunde a zivomezi, amene amasintha liwiro akamadutsa m'miyala yosiyanasiyana, komanso kwa asayansi amene amafinya timiyala m'makina kuti aone mmene timasinthira. Njira zonse ziwirizi n'zabwino, koma n'zongoyerekezera. Mapiri ophulika nthawi zina amalavula zibenthu za mantle, koma zozama kwambiri mwa izo zimachokera pa makilomita pafupifupi 200. Kupitirira pamenepo, chinthu chokha chimene chimafika m'manja mwathu osasinthika ndi dayamondi.

Kunena zoona, chofunika kwambiri si dayamondiyo ayi, koma zimene wameza. Wogula miyala yamtengo wapatali amaika kagalasi kokulitsa kakhumi padiso, akaona kadontho kakuda kapena kofiira mkati, amati mwalawo uli ndi chilema, mtengo n'kutsika. Wasayansi amafuna chilema chomwecho. Mlendo akafika pakhomo ndi dothi lofiira kumapazi, simufunsa n'komwe kumene wadzera. Timiyala totsekeredwa mu dayamondi, tambiri tosakwana theka la milimita, ndilo dothi la kumapazi kwakelo.

Kumene amabadwira

Dayamondi ndi kaboni basi, chimodzimodzi graphite, chakuda chija cha m'pensulo. Kusiyana kwake ndi kaimidwe ka maatomu. Pamene kulemera kwa miyala ya pamwamba kukufinya kwambiri, maatomu a kaboni amagwirana mbali zonse zinayi, n'kupanga chinthu cholimba kuposa mwala wina uliwonse wachilengedwe. Zimenezi zimatheka kuyambira pa makilomita 150 kutsika pansi, pa kutentha kwa madigiri oposa 1,000. Nkhani ija yakuti dayamondi ndi malasha ofinyidwa ndi nthano chabe. Malasha ndi zotsalira za nkhalango zakale zokwiririka pafupi, ndipo dayamondi wambiri anapangika kale kwambiri padziko pasanamere mtengo ndi umodzi womwe.

Chimene chimamubweretsa kumtunda ndi chiphalaphala chamtundu wake chotchedwa kimberlite, chimene chinadziwika koyamba ku Kimberley ku South Africa anthu atakhamukirako kukakumba mu 1871. Chiphalaphala chimenechi chimakhala chodzaza ndi mpweya ndi madzi, ndipo chimakwera mwa liwiro loti ulendo wonse umatha pa maola kapena masiku ochepa. Liwiroli ndilo chipulumutso, chifukwa dayamondi wokwera mozengereza pamalo otentha amasanduka graphite kapena kusungunuka. Palibe munthu wa m'mbiri yolembedwa amene anaona kimberlite ikuphulika. Yaposachedwapa imene ikudziwika ili ku Igwisi Hills ku Tanzania, ndipo inaphulika zaka pafupifupi 10,000 zapitazo.

Sikonse kumene kimberlite imabwera ndi dayamondi. Mu 1966 Tom Clifford anasonyeza kuti migodi yopindulitsa ya mu Africa inandanda pa mathanthwe akale kwambiri otchedwa craton, amene akhala osagwedezeka kwa zaka zoposa 2.5 biliyoni, ndipo mizu yake yozizirirapo imatsika makilomita 200 kapena kupitirira. Kimberley ndi Jwaneng zili pa craton ya Kaapvaal, Murowa ili pa ya Zimbabwe. Malawi wagona pa miyala imene inapindidwa ndi kuphikidwanso pambuyo pake, ndipo lero ikung'ambika motsatira chigwa cha nyanja. Nthaka yotere siisunga dayamondi bwino.

Mukatsegula dayamondi wamba wa m'migodi imeneyi mumapeza timiyala ta mabanja awiri. Banja loyamba ndi la peridotite, mwala wobiriwira umene ndiwo mwini wake wa mantle: olivine, chromite, ndi garnet wofiirira moderako. Lachiwiri ndi la eclogite: garnet wa mtundu wa lalanje, kamwala kobiriwira kotchedwa omphacite, nthawi zina coesite. Eclogite ndi chimene basalt, mwala wakuda wa pansi pa nyanja zikuluzikulu, amasanduka akafinyidwa kwambiri. Kusiyana kwa mabanja awiriwa mukusunge, chifukwa nkhani yonse yotsatirayi yatsamira pamenepo.

Makampani a migodi anayamba kale kugwiritsa ntchito nzeru imeneyi. John Gurney wa ku University of Cape Town anaona kuti garnet wokhala ndi chromium wambiri koma calcium wochepa amayenda limodzi ndi dayamondi, choncho ofufuza amasefa mchenga kufuna garnet woteroyo. Ku Botswana, kumene mchenga wa Kalahari unakwirira zonse, anathandizidwa ndi chiswe. Pofuna chinyezi, chiswe chimakumba mozama n'kutulutsa timiyala ta pansi, ndipo timiyala timeneti tinathandiza kulondolera anthu ku Jwaneng.

Zaka zake

Kaboni wa mu dayamondi sanena zaka. Njira ya kaboni-14, imene ofukula zakale amayezera mafupa ndi makala, imathera pa zaka pafupifupi 50,000. Koma timiyala ta mkati tili ndi maatomu ena amene amasanduka ena pa liwiro lodziwika, monga samarium amene amasanduka neodymium. Mu 1984 Stephen Richardson ndi anzake anaswa dayamondi wambirimbiri wa ku Kimberley ndi ku Finsch, n'kusonkhanitsa timagarnet take mpaka titakwana kuyeza. Yankho linali zaka pafupifupi 3.3 biliyoni. Kimberlite ya ku Kimberley ili ndi zaka pafupifupi 90 miliyoni zokha. Apa mpamene zinatsimikizika kuti kimberlite siibereka dayamondi, imangomunyamula. Miyalayo inakhala phee pansi pa Kaapvaal kwa nthawi yoposa magawo awiri mwa atatu a moyo wa dziko, limene lili ndi zaka 4.5 biliyoni.

Pambuyo pake anapeza njira yoyezera kamwala kamodzikamodzi ka sulufule ndi chitsulo pogwiritsa ntchito rhenium ndi osmium. Mu 2011 Steven Shirey wa ku Carnegie Institution ku Washington pamodzi ndi Richardson anaika pamodzi zotsatira za timiyala zikwizikwi, ndipo anaona mzere woonekeratu. Dayamondi wa zaka zoposa 3.2 biliyoni ali ndi timiyala ta peridotite tokhatokha. Kuyambira zaka 3 biliyoni zapitazo, ta eclogite tikuyamba kuchuluka. Iwo anati imeneyi ndiyo nthawi imene zidutswa za khungu la dziko zinayamba kuyenda ndi kugundana monga zichitira lero, pansi pa nyanja n'kumamira kulowa mu mantle. Ena amati zinayamba kale kuposa apo, ena amati mochedwerapo. Palinso funso lina lovuta: kodi kamwala ndi dayamondi zinabadwa tsiku limodzi, kapena dayamondi anakuta kamwala kamene kanalipo kale? Ngati n'choncho, zaka zimene tikuwerengazo zingakhale za kamwala osati za dayamondi. Mkangano umenewu sunathe, ngakhale kuti kumene njira zingapo zoyezera zagwiritsidwa ntchito pa mgodi umodzi, nthawi zambiri zimagwirizana.

Kaboni wopepuka ndi wolemera

Maatomu a kaboni sali olemera mofanana. Pa 100 alionse, pafupifupi 99 ndi kaboni-12, ndipo imodzi ndi kaboni-13, yolemererapo pang'ono chifukwa ili ndi neutron imodzi yowonjezera. Mitundu yotere ya atomu imodzi imatchedwa isotope. M'zochitika zambiri za chilengedwe mitundu iwiriyi imachita zofanana, koma osati ndendende. Chomera chikamakoka mpweya wa carbon dioxide kuti chipange chakudya, kaboni wopepuka amalowa mosavutirapo. Choncho chimanga, ndere za m'nyanja, nsomba imene yadya nderezo, ndi matope akuda amene zimasiya zikafa, zonse zimaperewera kaboni-13.

Kupereweraku n'kochepa kwambiri moti amakuwerenga m'magawo a pa 1,000. Poyambira pake, pa ziro, anasankha chigoba cha kanyama ka m'nyanja kakale kotchedwa belemnite, chofukulidwa m'miyala ya Pee Dee ku South Carolina, m'dziko la America. Miyala ya laimu ya m'nyanja imakhala pafupi ndi ziro yemweyo. Zotsalira za zamoyo nthawi zambiri zimakhala cha pa −25. Kaboni wa mu mantle, monga amene amatuluka ndi chiphalaphala pansi pa nyanja, amakhala cha pa −5. Kale poyeza ankawotcha kachibenthu ka dayamondi mu okosijeni n'kuyeza mpweya wotulukawo. Masiku ano makina amatha kuyeza kadontho kamodzikamodzi pa mwala wodulidwa pakati, kuchokera pachimake mpaka m'mphepete, n'kuona mmene kaboni anasinthira pamene mwalawo unkakula.

Dayamondi wa banja la peridotite sadabwitsa. Pafupifupi yense amaunjikana pa −5, monga mwana wa pakhomo. Wa eclogite ndiye wosokoneza. Wambiri alinso pa −5, koma pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ali kunsi kwa −10, ena pa −25, ndipo ku mgodi wa Jericho kumpoto kwa Canada anapezeka ofika cha pa −40. Ndiye taganizani: dayamondi wokhala ndi timiyala tochokera ku mwala wa pansi pa nyanja ndi yemweyonso ali ndi kaboni wofanana ndi wa zamoyo. N'zovuta kukana ganizo lakuti kaboni ameneyu anali m'thupi la tizamoyo ta m'nyanja zakale, anakwiririka m'matope ndi m'ming'alu ya basalt, anamira nazo pamodzi, n'kukasanduka dayamondi makilomita mazana pansi.

Koma ganizo lokoma liyenera kufunsidwa kwambiri kuposa loipa. Pierre Cartigny wa ku Paris ndi anzake anakumbutsa anthu kuti kaboni angapepuke popanda chamoyo chilichonse. Madzi otentha a mu mantle akamataya carbon dioxide pang'onopang'ono, mpweyawo umachoka ndi kaboni wolemera, wotsalayo n'kumapepukirapepukira. Anasonyezanso kuti nayitrogeni wa mu dayamondi wambiri wa eclogite amaoneka ngati wa mu mantle, osati wa m'matope a m'nyanja. Kutsutsa kwawo kunali ndi maziko, ndipo kunaphunzitsa onse kuti kaboni payekha sangagamule mlandu.

Mboni ina inachokera ku Orapa ku Botswana. Mu 2002 James Farquhar ndi anzake anayeza sulufule wa m'timiyala ta mu dayamondi wa kumeneko, ndipo anapeza chizindikiro chimene chimapangika m'njira imodzi yokha yodziwika bwino: kuwala kwa dzuwa kwa ultraviolet kukaphwanya mpweya wa sulufule m'mlengalenga mopanda okosijeni. Mlengalenga wathu unali wotero zaka zoposa 2.4 biliyoni zapitazo. Dzuwa silifika pa makilomita 150 pansi. Ndiye kuti sulufule ameneyu anatuluka m'phiri lophulika, anawombedwa ndi dzuwa, anagwera m'nyanja, anamira ndi miyala, anatsekeredwa mu dayamondi, ndipo anabwereranso kumtunda ndi kimberlite ya ku Orapa zaka pafupifupi 90 miliyoni zapitazo. Okosijeni wa m'timiyala ta coesite ndi garnet wa eclogite nayenso amasonyeza kuti mwala wake unakhudzanapo ndi madzi ozizira a m'nyanja. Kwa ine mboni zitatuzi zikakhala pamodzi mlandu wapendekeka: kaboni wopepuka kwambiri uja, wambiri mwa iye anachokera kumtunda kuno. Chimene sitinganene ndi chakuti dayamondi yense wopepuka ali ndi mbiri imodzi.

Ochokera kutali zedi

Dayamondi mmodzi kapena awiri pa 100 alionse sachokera m'mizu ya craton, amachokera kunsi kwake. Mu 1985 Rory Moore ndi Gurney anapeza mu dayamondi wa ku mgodi wa Monastery ku Free State garnet wokhala ndi silicon wochuluka kuposa amene garnet wamba angasenze. Garnet wotere amapangika kuyambira pa makilomita 250 kapena 300 kutsika pansi. Kenako kunatulukira madera awiri amene dayamondi wozama ndi wochuluka modabwitsa: Juina ku Mato Grosso m'dziko la Brazil, ndi Kankan ku Guinea.

Mafunde a zivomezi anasonyeza kale kuti pa makilomita 410 ndi pa 660 miyala imasintha mwadzidzidzi. Kunsi kwa 660 mwala wochuluka kwambiri ndi bridgmanite, amene ndiye wochuluka kuposa onse m'dziko lonse lapansi, komabe anapatsidwa dzina mu 2014 momwemu, atapezeka mu mwala wogwa kuchokera kuthambo umene unagwera ku Tenham ku Australia. Bridgmanite sapirira kumtunda. Ngakhale mkati mwa dayamondi amasanduka mwala wamba wotchedwa enstatite, ndipo amazindikirika ndi anzake amene wakhala nawo, makamaka ferropericlase, chifukwa awiriwa sangakhalire limodzi pamalo osazama.

Mu 2011 gulu la Michael Walter wa ku Bristol linapenda dayamondi wa ku Juina n'kupeza timiyala tonse timene basalt amayenera kusanduka akafika kunsi kwa makilomita 660. Kaboni wa ena mwa miyalayo anali cha pa −24. Ndiye kuti pansi pa nyanja sipathera pafupi pakamira, pamatsika mpaka m'chigawo cha kunsi cha mantle, kaboni wake ali nayebe. Mu 2018 Fabrizio Nestola ndi anzake anapeza zofanana ndi zimenezi mu dayamondi wa ku mgodi wa Cullinan kufupi ndi Pretoria. Kamwala kena ka calcium ndi silicon kochokera mu dayamondi wa ku Orapa kanapatsidwa dzina lakuti davemaoite mu 2021, ngakhale akatswiri ena anatsutsa kuti kanachokeradi kozama choncho.

Chodabwitsa n'chakuti miyala yotchuka kwambiri padziko ndi ya m'gulu lomweli. Dayamondi wotchedwa Cullinan, wolemera makarati 3,106, anapezeka mu 1905. Iye ndi anzake aakuluakulu a ku Letseng ku Lesotho ndi ku Karowe ku Botswana ndi oyera, alibe nayitrogeni wokwanira kuyezeka, ndipo maonekedwe awo ndi osalongosoka. Miyala yotere palibe angalole kuti wasayansi aiswe. Evan Smith wa ku Gemological Institute of America anapenda yodutsa m'manja mwa bungwelo ndi zibenthu zotsala podula, ndipo mu 2016 anafotokoza zimene anapeza: timadontho ta chitsulo chosakanikirana ndi nickel, kaboni ndi sulufule, tozunguliridwa ndi mpweya wa methane ndi hydrogen. Dayamondi ameneyu anakulira m'chitsulo chosungunuka, pakati pa makilomita 360 ndi 750. Umenewu unali umboni wogwirika wa chimene ofinya miyala m'makina ananeneratu, kuti kozama mu mantle okosijeni ndi wochepa moti chitsulo chimatha kukhala pachokha. Mu 2018 Smith yemweyo anasonyeza kuti dayamondi wabuluu, wa mtundu wa dayamondi wotchedwa Hope amene ali ku Washington, nayenso ndi wozama. Ubuluu wake umachokera ku boron, amene ndi wochuluka kumtunda kuno koma wosowa mu mantle, ndipo akuganiziridwa kuti anatsika ndi miyala ya pansi pa nyanja.

Nkhani imene inamveka kwambiri ndi ya madzi. Pakati pa makilomita 520 ndi 660, olivine amasanduka ringwoodite, mwala umene unatchulidwa polemekeza Ted Ringwood wa ku Australia. M'makina ankaupanga, m'miyala yogwa kuthambo ankaupeza, koma wochokera pansi pa dziko panalibe anauonapo. Mu 2014 Graham Pearson wa ku University of Alberta ndi gulu lake analengeza kuti aupeza mu dayamondi wa ku Juina, wosaoneka bwino, wosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu. Pa kulemera kwa kamwalako, pafupifupi gawo limodzi ndi theka pa 100 linali madzi. Mu 2022 ringwoodite wina anapezeka mu dayamondi wa ku Karowe, ali pamodzi ndi ferropericlase ndi enstatite, kusonyeza kuti anachokera pa malire enieni a makilomita 660, ndipo nayenso anali ndi zizindikiro za madzi.

Manyuzipepala ndi masamba a pa intaneti analemba kuti kwapezeka nyanja pansi pa dziko, ndipo nkhaniyi imabwererabe pa Facebook nthawi ndi nthawi. Mukaiona muziiwerenga mosamala. Kumeneko kulibe dziwe kapena mtsinje. Madziwo ndi maatomu a hydrogen ndi okosijeni olowerera m'kati mwa mwala wouma gwa, ndipo amatuluka pokhapokha mwalawo ukasintha kapena kusungunuka. N'zoona kuti chigawo chonse cha pakati pa makilomita 410 ndi 660 chitakhala ngati kamwala ka ku Juina, madzi ake angafanane ndi a m'nyanja zonse za padziko. Koma dayamondi amamera pamene pakudutsa madzi kapena zosungunuka, choncho n'kutheka kuti amatibweretsera uthenga wa malo onyowa okhaokha, malo ouma n'kukhala opanda wowalankhulira. Kamwala ka ku Juina kamene kanayambitsa nkhani yonseyi n'kotalika magawo 4 okha mwa magawo 100 a milimita imodzi.